Lamba woongola mapewa amene ndinagula pa Boma la Ntcheu

Ndemanga iyi ndikulembera amuna anzanga amene mukuona malonda a lamba wakuda uja pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, amene akuti amaongola msana ndi mapewa, ndipo mwayamba kuganiza zotulutsa ndalama zanu. Ine ndinatulutsa K35,000 m'nyengo yozizira, ndipo lambayo ndamugwiritsa ntchito mpaka pano pamene dzuwa layamba kuswa mtengo. Dandaulo langa lalikulu lili pa mnyamata amene anandigulitsa, ndipo ngakhale sitolo yake sindiitchula dzina, machitidwe ake ndiwafotokoza onse kuti mukakumana nawo kwina kulikonse muwazindikire.

Ntchito yanga ndi yolemba mabuku a ndalama a alimi a mbatata ya kachewere, motero ndimakhala chowerama pa tebulo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo poweruka khosi ndi pakati pa mapewa pamandiwawa. Ndinalowa m'sitolomo kukafunsa chabe, koma mnyamatayo sanadikire n'komwe kuti ndimalize kufotokoza. Anandigwira pamkono n'kundiimika chotsamira khoma, pamaso pa amayi amene ankasankha mafuta odzola ndi anyamata a kabaza amene anausa pakhonde, kenaka anayamba kulengeza mokweza mawu kuti: "Taonani nonse, phewa lakumanja la madalawa latsika, ndipo apa pakati pa mapewa patukuka kale. Madala, mwamuna wabwinobwino msana wake umaima ngati mtengo wa bulugamu. Mukachedwa, chaka chamawa muli ndi linunda." Atatero analowetsa dzanja lake pakati pa khoma ndi chiuno changa, n'kuuza anthuwo kuti mpata umenewo ndi umboni wakuti msana wanga wapindika. Anthu anaseka, ndipo ine, bambo wa ana akuluakulu amene ndili ndi zidzukulu, ndinalipira mwamsanga kuti ndichoke pamalopo. Risiti sanandipatse. Malangizo ake onse anali akuti ndimange mothina, ndizivala tsiku lonse, ndipo ngati ndikufuna kuchira msanga ndizigona naye.

Lambayu amazungulira mapewa onse awiri, amadutsa m'khwapa, n'kukapingasana kumsana, ndipo mukamukoka amabweza mapewa kumbuyo. Poyamba ndinkamva ngati zikuthandiza, popeza chifuwa chinkatuluka ndipo anzanga kuntchito ananena kuti ndayamba kuyenda mwaufumu. Koma pasanapite nthawi m'khwapa monse munasupuka, ndipo tsiku lina ndikulemba mayina a alimi pa msonkhano, chala chaching'ono cha dzanja lamanja ndi chinzake choyandikana nacho zinachita dzanzi mpaka cholembera chinandipulumuka. Ndinakavula lambayo kuseri kwa nyumba, ndipo dzanzilo linatha patapita kanthawi.

Nditabwerera kusitolo kuja kukadandaula, mnyamatayo anayamba wakana kuti sakundikumbukira, ngakhale kuti ndi iye amene anandisandutsa chionetsero. Nditamukumbutsa bwino, anati dzanzilo ndi chizindikiro chakuti mafupa ayamba kubwerera m'malo mwake ndipo ndiyenera kumanga mothina kuposa kale. Ndinamuuza kuti: "Achimwene, zala zanga ndi zimene zimadyetsa banja langa, ndibwezereni ndalama kapena mundisinthire ndi katundu wina." Iye anandilozera kapepala kolembedwa pamanja kamene kanamatidwa kuseri kwa chitseko, konena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa, kenaka anandifunsa risiti imene iye mwini sanandipatse. Mwini sitolo akuti anali ku Lilongwe kukaoda katundu, ndipo nambala yake anakana kundipatsa. Mwano wotere ndi umene umandiwawa mpaka lero kuposa ndalamayo.

Dzanzi lija linandichititsa kupita kwa mayi wina wa mafizo kuchipatala, ndipo zimene anandiuza ndi zimene ndikufuna amuna anzanga amve asanagule. Anandivulitsa malaya, n'kundiuza kuti ndiime monga ndimaimira masiku onse osadzikakamiza kuongoka, ndipo anandiyang'ana cham'mbali, kumbuyo ndi kutsogolo. Atamaliza anati: "Bambo, kaimidwe kanu n'kabwinobwino, ndipo msana woongoka kotheratu umene mukuufunawo munthu wathanzi sakhala nawo." Anandifotokozera kuti mafupa 7 a m'khosi amakhota pang'ono chopita kutsogolo, mafupa 12 a kumsana amene nthiti zimalumikizikako amakhota chotulukira kumbuyo, ndipo mafupa 5 a m'chiuno amakhotanso cholowa mkati. Kukhota kumeneku kumathandiza kuti msana uzinyamula thupi ndi kufewetsa kugunda kwa mapazi poyenda. Kutukuka kwa pakati pa mapewa kumene mnyamata uja anakutcha chiyambi cha linunda kumapezeka mwa mwamuna aliyense, ndipo madokotala akakuyeza pa X-ray amakuona kukhala koyenera kukakhala pakati pa madigiri 20 ndi 40 kapena kupitirira pang'ono, komanso kumaonjezeka munthu akamakula. Mpata wa pakati pa khoma ndi chiuno uja nawo umayenera kukhalapo, wokwana kulowa chikhatho.

Za phewa lotsika anaseka pang'ono, n'kundifunsa dzanja limene ndimalembera. Anati mwa anthu ambiri phewa la mbali ya dzanja limene amagwiritsa ntchito kwambiri limakhala lotsikirako, ndipo kusiyana kwakung'ono kotere si matenda, popeza palibe munthu amene mbali zake ziwiri zimafanana ndendende. Chimene iwo amayang'ana, munthu akaima cham'mbali, ndi ngati khutu, nsonga ya phewa ndi fupa la m'chiuno zili pafupifupi pa mzere umodzi wotsika mpaka kutsogolo pang'ono kwa kakolo. Pamenepa m'pamene anandipeza ndi kavuto kenikeni, kamene wogulitsa uja sanakaone n'komwe: mutu wanga umatsogola pang'ono chifukwa chowerama pa mabuku. Mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 5, ndipo ukamatsogola, minofu ya pankhongo ndi ya pakati pa mapewa imagwira ntchito yaikulu kuti iutchinjirize, n'chifukwa chake imawawa madzulo. Lamba wokoka mapewa safika kukhosi. Ponena za dzanzi, anati mitsempha yopita ku zala imachokera m'khosi n'kudutsa m'khwapa, pomwe zingwe za lambayo zinkafinya, motero malangizo omanga mothina aja akanatha kundipweteketsa.

Panali chinthu china chimene chinandikwiyitsa kwambiri nditachiganizira. Mayiyo asanandigwire n'komwe anandifunsa ngati ndikuonda, ngati ndimatuluka thukuta usiku, ngati ndikutsokomola, ndiponso ngati msana umawawa ngakhale nditagona, popeza TB imatha kulowa m'mafupa a msana n'kuchititsa linunda losongoka, ndipo ikachedwa kuthandizidwa miyendo imafooka. Mnyamata wa m'sitolo uja safunsa funso ngakhale limodzi mwa amenewa. Munthu amene ali ndi TB ya msana atalowa mmenemo, nayenso adzamuimika pakhoma n'kumugulitsa lamba, pamene mankhwala ake amaperekedwa ulere m'zipatala za boma. Ndimaganiziranso za anyamata amene amasenza matumba a mbatata pa msika wa Lizulu ndi pa Tsangano, amene misana yawo imawawa zenizeni ndipo ndalama imeneyi amaipeza ndi thukuta lochuluka.

Ndinapita kuchipatalako ndili wokonzeka kutaya lambayo m'dzala, koma mayiyo sanandiuze kuti ndimutaye, ndipo pano sindikumuda monga poyamba. Anati akhoza kundithandiza monga chikumbutso chabe, ndikamuvala momasula kwa kanthawi kochepa pamene ndili pa tebulo, kuti ndikayamba kuwerama ndizimva kukoka pang'ono n'kudzikonza ndekha. Anandichenjeza kuti lamba sasintha mafupa a munthu wamkulu ndipo salimbitsa minofu. Chimene chimathandiza ndi kudzuka pampando pafupipafupi, kukweza mabuku kapena kompyuta kuti maso asamayang'ane pansi kwambiri, kubweza chibwano mkati pang'onopang'ono kangapo patsiku, ndi kutambasula chifuwa mutagwira mphuthu za chitseko. Ndachita zimenezi, ndipo kuwawa kwa madzulo kwachepa kwambiri. Kunena chilungamo, masiku amene ntchito yachuluka, monga nyengo yokolola pamene alimi amabwera mwaunyinji, lamba womasulayo amandikumbutsadi, ndipo dzanzi silinabwerenso.

Kasokedwe kake sindingakanyoze. Ndamuchapa kambirimbiri koma ulusi sunathothoke, zomatira zake zikugwirabe, ndipo amauma msanga ngakhale kunja kuli chiperoni. Mkati mwa malaya ndi jekete saoneka, ngakhale kuti m'malaya opyapyala zingwe zake zimaonekera kumsana. M'miyezi yozizira ya June ndi July kuno ku Ntcheu savuta kuvala, koma kukatentha amasunga thukuta ndipo khungu limayabwa, choncho ndi bwino kumuvalira pamwamba pa vesiti.

Pa nyenyezi zisanu, lambayu ndikumupatsa zitatu, ndipo akanakhala wa theka la mtengo umenewu ndikanati ndi woyenera kwa munthu wokhalitsa pa tebulo amene waonana kale ndi a mafizo. Sitoloyo ndikuipatsa imodzi, chifukwa choopseza anthu athanzi ndi linunda, kuchititsa manyazi akuluakulu pagulu, kupereka malangizo oopsa ndi kukana kupereka risiti. Amene mukufunabe kugula, muyeseni muli m'sitolo momwemo, popeza amene ndinawaona pamenepo onse anali a saizi imodzi, ndipo mwamuna wa chifuwa chachikulu adzamufinya m'khwapa ngakhale atamasula zingwe mpaka kumapeto.