Cape honeysuckle patatha miyezi 18: mpanda watsekeka, koma mpiru wanga walira

Nditangodzala chitsambachi ndinalemba kuti cholinga changa chinali chimodzi basi, kutseka mpanda wazitsulo wa kuseri kwa nyumba yomwe timachita lendi ku Rosettenville kuno ku Johannesburg. Aliyense wodutsa mumsewu ankaona ngakhale ndiwo zomwe zili pamoto. Ndinagula mbande zitatu ku nazale n'kudzala mu Okutobala, mvula itangoyamba. Lero tili mu Epulo wachiwiri, ndiye ndili nazo zoti ndinene.

Mpanda watsekeka ndithu. Chatalika kupitirira mamita awiri, masamba ake ang'onoang'ono owala aja sathothoka chaka chonse, ndipo chitagwira bwino ndinasiya kuthirira pafupipafupi koma sichinadandaule.

Wogulitsa anandiuza kuti chimakwera. Kukwera kwake si kwa nyemba kapena chipwete, zomwe zimadzikulunga zokha pamtengo. Ichi chilibe chogwirira. Nthambi zimangotalika, kenako n'kutsamira pa chilichonse chomwe zapeza, zikasowa zimagwa pansi. Miyezi yoyamba ndinkazimanga kuzitsulo ndi nsanza za chitenje chakale, chifukwa waya amadula khungwa.

Vuto lili pa nthambi zogwa pansizo. Paliponse pomwe nthambi yakhudza dothi lachinyezi imamera mizu, n'kukhala chitsamba china. Mu Febuluwale ndikupalira bedi la mpiru ndinakoka kanthambi kamodzi, ndikuganiza kuti ndi udzu. Kanatukula dothi mzere wonse mpaka kukafika kumpanda, kali ndi mizu malo anayi, mpiru wina n'kuzuka nawo. Mayi a kunyumba ataima pakhomo anangoti, "Abambo, maluwa anuwa ndi amene tidyere nsima?" Ndinalibe poyankha. Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse ndimazungulira ndi sizasi yodulira maluwa, nthambi iliyonse yoloza pansi ndimadula. Mukakhala munthu wotanganidwa, kapena malo anu ndi ochepa, ganizani kawiri. Mbande zitatu zinandichulukira, ziwiri zikanakwana.

Chisanu nachonso chinachiyesa. Kwawo kwenikweni kwa chitsambachi ndi kotentherako, m'mphepete mwa nkhalango ndi m'mathengo a ku Eastern Cape, KwaZulu-Natal, Mpumalanga mpaka Mozambique, pomwe Joni ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750. Mu Julayi nsonga za chomwe chili pakona, pamtetete, zinapsa n'kuda ngati zawauka ndi moto. Ziwiri zoyandikira khoma la nyumba sizinakhudzidwe kwenikweni. Ndinadikira mpaka kumapeto kwa Ogasiti, n'kudula zakupsazo, pofika Okutobala simukanadziwa n'komwe.

Tsono maluwa. Apa ndiye ndimachikhululukira zonse. Amabwera m'magulu kunsonga za nthambi, aatali ngati timalipenga, ofiira mopita ku olenji. Amaoneka apo ndi apo chaka chonse, koma amachuluka nyengo ino mvula ikamatha. M'mawa ndisananyamuke kukakwera takisi pamabwera choso, kamlomo kake kopindika kamalowa m'duwa lililonse motsatana, kenako kamathamangitsa anzake ngati mpandawo ndi wake. Njuchi nazo sizisowa. Kumbali komwe kuli mthunzi wa mtengo wa aneba maluwa ndi ochepa, ndiye mudzale padzuwa. Kunazale kulinso achikasu, koma ine ofiirawa ndi amene anandigwira mtima.

Dzina lake la sayansi ndi Tecomaria capensis, ena amalemba Tecoma capensis. Chomwe chinandisangalatsa n'chakuti chili ndi m'bale wake womera kwathu ku Malawi ndi ku Tanzania, wotchedwa nyassae, kuchokera ku dzina lija la Nyasa. Alimi ena ku Eastern Cape amachidzala m'mipanda kuti ziweto zizidya masamba ake, ndipo asing'anga amasinja khungwa lake ngati mankhwala a ululu ndi kusowa tulo. Zamankhwalazo ine sindinayese, ndipo sindikuuzani kuti muyese.

Nthambi zamizu zomwe ndinazula mumpiru zija sindinataye. Ndinaziika m'mabotolo odula a malita awiri, zisanu ndi chimodzi zagwira. Zinayi ndinapereka kwa anzathu a kutchalitchi, aliyense ndikumuuza kuti adzale kutali ndi ndiwo. Ziwiri zikadali kuseri kwa bafa, zikudikira wozifuna.