Kugona, kuyenda, kuthowa kapena mankhwala: chothandiza mayi wapakati pa ululu wa mtsempha wa sciatic

Mtsempha wa sciatic ndi wautali ndiponso waukulu kuposa mitsempha ina yonse yotumiza mauthenga m'thupi. Umachokera kumunsi kwa msana, kudutsa m'thako, n'kutsika kumbuyo kwa ntchafu, ndipo nthambi zake zimakafika kuphazi. Ukapanikizika, mayi amamva ululu wolasa kapena wotentha mwendo umodzi, nthawi zina pamodzi ndi dzanzi, makamaka m'miyezi itatu yomaliza pamene mimba yalemera ndipo mfundo za m'chiuno zafewa pokonzekera kubereka.

Ululu ukayamba, ambiri amathamangira kukagona, ndipo n'zomveka chifukwa mwendo umayamba wapuma. Vuto ndi lakuti kugona masiku angapo kumaumitsa minofu, kotero kuti podzuka ululu umabwerera ndi mphamvu. Kuyenda pang'onopang'ono pamalo osalala, kusambira kwa amene angathe, ndi kuwongola minofu ya m'thako zimachedwa kuonetsa phindu, koma ndi zimene zimathandiza kwa nthawi yaitali, ndipo ine ndimaziika patsogolo pa njira zonse. Chitsanzo chosavuta ndi ichi: khalani pampando, ikani kakolo wa mwendo wopwetekawo pabondo la mwendo winawo, kenaka weramirani kutsogolo msana uli wowongoka mpaka mumve kukoka m'thako, ndipo mukhale choncho kwa masekondi 30 mukupuma bwinobwino. Kukoka n'kwabwino, koma ululu ukalasa mpaka kuphazi, lekani nthawi yomweyo. Katswiri wa mafizo amaposa apa chifukwa amatha kusiyanitsa vutoli ndi kupweteka kwa mfundo za m'chiuno, kumene kumafanana nalo kwambiri.

Pakati pa kuthowa ndi chofunda ndi kuikapo chozizira palibe kusiyana kwakukulu. Sankhani chimene chikukupatsani mpumulo, muchikulunge m'nsalu, muchiike pamsana kapena pathako kwa mphindi 15 mpaka 20, osati pamimba. Zonsezi zimangoziziritsa ululu kwa kanthawi.

Lamba wochirikiza mimba amathandiza amayi ena amene amaima nthawi yaitali, koma ena samva kusintha kulikonse. Pilo ndi wodalirika kuposa lamba, pakuti usiku ndi pamene ambiri amazunzika. Gonani chammbali, mbali yopwetekayo ili pamwamba, pilo ali pakati pa mawondo kuti chiuno chisapotoke. Mimba ikakwana masabata 28, kugona chagada n'kosayenera ngakhale kwa mayi amene alibe ululu uliwonse.

Pa mankhwala ndi pamene pafunika kusamala kwambiri, chifukwa mapiritsi amene amaoneka ofanana amasiyana kutali kwa mwana amene ali m'mimba. Paracetamol ndi amene azachipatala amayamba naye, pa mlingo wochepa ndiponso kwa masiku ochepa, ngakhale kuti pa ululu wa mtsempha mphamvu yake si yaikulu. Ibuprofen ndi diclofenac, amene ambiri amawakhulupirira pa msana, ndi a gulu lina la mankhwala. Mu 2020 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linachenjeza kuti kuyambira masabata 20 mankhwala a gululi angasokoneze impso za mwana ndi kuchepetsa madzi amene amakhalamo m'chiberekero, ndipo kuyambira masabata 30 angatseketse msanga njira ina ya magazi pafupi ndi mtima wake. Musamwe amenewa popanda mawu a dokotala kapena mzamba, ndipo mankhwala opaka a gulu lomweli muyambe mwafunsanso.

Kwa amayi ambiri ululuwu umatha wokha pakapita masabata angapo kapena akabereka. Komabe pali zizindikiro zimene njira zonsezi sizingathandize: dzanzi pakati pa miyendo, kulephera kukodza kapena kugwira mkodzo ndi chimbudzi, phazi kufooka mpaka kumakokeka poyenda, kapena ululu kutsika miyendo yonse iwiri. Mwendo umodzi ukatupa, kutentha ndi kupweteka pakatumba, mwina magazi aundana mumtsempha wa magazi. Mukaona chimodzi mwa izi, pitani kuchipatala nthawi yomweyo osadikira tsiku la sikelo.