Dzimbiri la Thirakitala Yakale: Bulashi ya Waya, Mchenga Kapena Asidi?

Ambiri mwa ife ogwira ntchito m'mapuloti a m'mphepete mwa Joni tinaionapo thirakitala yotuwa ya Ferguson TE20, imene kuno amaitcha Vaaljapie, yomwe inkapangidwa ku Coventry kuyambira 1946 mpaka 1956. Injini yake ndi ekiselo ya kumbuyo ndi za cast iron, chitsulo chonga cha mphika wa miyendo itatu, chokhakhala komanso chokhala ndi timaenje timene tamwa oyilo kwa zaka zambiri. Musanasankhe njira iliyonse yochotsera dzimbiri, tsukani kangapo ndi degreaser, mankhwala ochotsa oyilo ndi girisi, kenako mulize injini kuti itenthe, ndipo mudzaona oyilo wina akutuluka ngati thukuta. Penti sagwira pa oyilo, ngakhale dzimbiri mutalichotsa lonse.

Bulashi ya waya yomangirira ku girayinda ndiyo yotchipa, ndipo imachotsa bwino makoko a dzimbiri ndi penti wakale. Vuto lake ndi lakuti imanamiza maso: ikadutsa kwambiri pamalo amodzi, imasalaza dzimbiri mpaka kuwala ngati chitsulo, pamene m'timaenje muja sinafikemo. Ine ndinapusitsika nayo pa giyabokosi ina, ndipo mvula isanathe penti anali atatukusira. Valaninso magalasi, chifukwa timawaya timathothoka n'kuuluka.

Kupopera mchenga ndi mphepo ya kompuresa, kumene amati sandblasting, kulibe mnzake pa ukhondo, pakuti kumafika m'timaenje monse n'kusiya chitsulo chokhakhala bwino lomwe, mmene primer, penti woyamba wapansi, amafunira. Komabe mchenga sumva malire. Thirakitala ikakhala yosamasula, umalowa m'maseal otchinga oyilo, m'mabering'i ndi m'mabowo a oyilo, ndiye mumakongoletsa kunja uku mukuwononga m'kati. Njirayi ndi ya zipangizo zomasula ndi kutseka bwino mabowo. Musagwiritsenso ntchito mchenga wamba womangira nyumba, chifukwa fumbi lake limayambitsa silicosis, nthenda yomwe inawononga mapapo a makolo athu ambiri amene anabwera pa Theba kudzagwira ntchito m'migodi ya golide ya kuno. Gulani mchenga wa mwala wa garnet kapena magalasi operapera, ndipo muvale chotchinga mphuno chenicheni.

Mankhwala a phosphoric acid sachotsa dzimbiri koma amalisandutsa iron phosphate, kachikutu kakuda kapena kotuwa komwe penti amagwirapo. Pa dzimbiri lokhuthala amangosintha lapamwamba, lapansi n'kumadyabe chitsulo, motero paokha sindiwakhulupirira. Akatsatana ndi bulashi ndiye amathandiza, chifukwa amalowa mmene waya analephera. Werengani malangizo a pa chitini cha primer wanu, popeza mitundu ina ya primer wa epoxy sigwira pa chitsulo chotsalira asidi, ndipo pamafunika kutsuka ndi kuumitsa msanga.

Kwa thirakitala yosamasula, ine ndimasankha degreaser, bulashi, asidi, kenako epoxy primer wosakaniza zitini ziwiri, yemwe ndi wokwera mtengo kuposa primer wofiira wa red oxide koma amatseka chinyezi bwino. Nyengo yabwino kuno ndi ya May mpaka August, pamene mpweya ndi wouma, osati ya mvula ya mabingu ya masana, imene imabwezeretsa dzimbiri pa chitsulo choyera tsiku lomwelo. Dikirani dzuwa likwere kaye, chifukwa epoxy wambiri sauma bwino kutentha kukatsika pansi pa 10°C, ndipo pakani primer tsiku limene mwayeretsa chitsulo.