Theravada kapena Mahayana: muyambire kuti?

Anzanga amene mwayamba kuwerenga za Chibuda mumakonda kufunsa kuti mugwire iti mwa nthambi ziwiri zikuluzikulu za Chibudacho, Theravada kapena Mahayana. Dziwani kaye kuti onsewa amathawira kumodzi: kwa Buddha, chiphunzitso chake ndi gulu la amonke. Onse amavomereza mfundo zinayi zoona za mavuto ndi njira ya mbali zisanu ndi zitatu. Amasiyana pa funso loti ulendowu ukuyendera ndani, nanga ukudalira mphamvu ya yani.

Theravada yakhazikika ku Sri Lanka, Myanmar, Thailand, Laos ndi Cambodia, ndipo malemba ake ali m'chinenero cha Pali. Mmonke amasunga malamulo 227. M'mamawa amayenda wopanda nsapato mbale ili m'manja, anthu n'kumamuikiramo mpunga, ndipo dzuwa likangopendeka sadyanso mpaka mawa. Cholinga n'kukhala arahant, munthu wozimitsa moto wa chilakolako, chidani ndi umbuli mwa khama lakelake. Ineyo, woyamba kumene ndimamulozera kuno, chifukwa zochita n'zomveka: khala pansi, tsatira mpweya wako.

Mahayana ya ku China, Korea, Japan ndi Vietnam imakweza bodhisattva, wolumbira kudzakhala Buddha kuti awombole zamoyo zonse. Lumbiro limeneli limandikhudza mtima kwambiri. M'kati mwake muli a Zen okhala chete nthawi yaitali, komanso oitana dzina la Buddha Amitabha modalira chifundo chake. M'Chitchaina dzinali ndi Amitofo, lomwe lija la Amitofo Care Centre ku Blantyre. Nthambi za Mahayana za ku Tibet, Bhutan ndi Mongolia zimawonjezerapo mantra (mawu opatulika obwerezabwereza) ndi miyambo yofuna mphunzitsi pafupi, musaziyambe nokha.

Chondionetsa kuti awa ndi apachibale ndi nkhani ya amonke aakazi. Cha m'ma 430, amayi a ku Sri Lanka anawoloka nyanja kukadzoza anzawo ku China. Patapita zaka mazanamazana, kwawoko mzere wa kudzozaku unaduka, koma ku China unapitirira. Mu 1998, ku Bodh Gaya m'dziko la India, amayi a ku Sri Lanka anakaulandiranso kwa amonke a ku Taiwan. Akuluakulu ambiri a Theravada, makamaka ku Thailand, mpaka lero amakana kudzozaku. Mayi wofuna umonke wathunthu aganizire zimenezi asanasankhe, pakuti khomo lotseguka bwino lili ku Mahayana.