Ka Tesla coil ka BD243: babu kakuyatsadi popanda waya, koma za magetsi aulere ayi

Nyenyezi zitatu pa zisanu. Ndikanapereka zinayi chifukwa kachipangizoko pakokha kalibe vuto lalikulu, koma ogulitsa analemba zilembo zikuluzikulu pa chithunzi kuti free energy generator, kutanthauza makina opanga magetsi aulere, ndipo ndikudziwa kuti ambiri akuitanitsa chifukwa cha mawu amenewo basi, poti magetsi akamazimazima aliyense amafuna potulukira. Ndiye ndati ndilembe zomwe ndaona ndi maso anga.

Mupaketi mumabwera kabolodi kakang'ono, transistor ya BD243 ndi kachitsulo koizizitsira, resistor, capacitor, ka LED, kababu ka neon ndi koyilo yokulungakulunga kale pa kapaipi, waya wake wa kopa woonda zedi wozungulira maulendo mazanamazana. Adapter mulibe, muzipezeratu yanu ya 12V kapena batire. Kapepala ka malangizo kanali ka Chitchaina chokhachokha koma pa bolodipo anajambula poika chilichonse, ngati munagwirapo soldering iron simuvutika. Chimodzi chokha musaiwale, nsonga za waya woonda uja zili ndi vanishi, muzipale kaye ndi lezala mpaka ziwale, apo ayi solda sagwira ndipo muganiza kuti akugulitsani chakufa. Kakakana kuyaka ngakhale zonse zili bwino, tembenuzani nsonga ziwiri za koyilo inayo yapansi, ya waya wozungulira maulendo ochepa, nthawi zambiri vuto limakhala pomwepo.

Kakayaka ndiye eee, zimasangalatsa. Pansonga pamatuluka kamoto kapepo kakang'ono kolira kuti tsiii, mumdima kamaoneka bwino kwambiri. Babu ya energy saver mukaiyandikitsa imayaka ili m'manja, opanda waya wina aliyense, ngakhale ina yoti inapsa kalekale inayaka chifukwa chomwe chinafa ndi kaseketi kake, mpweya wa m'galasimo ukadalipo. Ana apa nyumba anakhamukira mpaka ena kuthawa kumati ndi zamatsenga. Chubu chachitali cha fluorescent chimawala mbali yomwe ili pafupi ndi koyilo, mukasuntha dzanja kuwalako kumasunthanso. Apa ndalama yanga sindikuidandaula olo pang'ono.

Tsopano nkhani ya ulere ija. Chomwe chikuchitika m'kati ndi chomwe amati resonance, transistor ikuyatsa ndi kuzimitsa magetsi mwachangu kwambiri mogwirizana ndi liwiro lomwe koyiloyo imakonda, ndiye ma volt amakwera mpaka masauzande. Zili ngati mwana pa katungwe, mukamamukankha pa nthawi yake amafika m'mwamba ndi mphamvu yochepa pa kukankha kulikonse, koma mphamvu yonseyo yachokera m'manja mwanu ndipo mukasiya amaima. Ma volt akakwera ma amp amatsika, mphamvu yeniyeni ndi ma volt kuchulukitsa ndi ma amp, ndipo ina imatayika ngati kutentha. Gwirani kachitsulo kozizitsira kaja pakapita mphindi zochepa mumva nokha komwe batire yanu ikuthera.

Ndinayesa zomwe amaonetsa pa YouTube zija, zoti kachipangizoka kamatulutsa magetsi oposa omwe kakudya. Ndinakulunga koyilo ina yolandirira, kuika ma diode ndi capacitor, kuyatsa ma LED angapo, zinathekadi. Multimeter yanga, mita yoyezera ma volt, itayandikira inayamba kuonetsa manambala odabwitsa, kudumphadumpha, nthawi ina kuonetsa ma volt ambiri waya wake umodzi uli lendee osagunda paliponse. Apa ndi pomwe anthu ambiri amapusitsikira, ndipo ena sikuti akunama dala ayi, akukhulupirira mita. Mamita otchipawa anapangidwira batire ndi magetsi a m'nyumba a 50 Hz, pomwe koyiloyi ikugwedezeka maulendo mazana a masauzande kapena kuposa pa sekondi imodzi, ndiye zomwe mita ikuwerenga pamenepo ndi phokoso chabe. Komanso diso limanyenga, LED imaoneka yowala ngakhale ikulandira kamphamvu kochepetsetsa.

Mayeso osanama ndi amodzi, kutenga zomwe zikutuluka kuzibwezera polowera kenako kuchotsa batire. Ngati kakutulutsa zoposa zomwe kakudya kayenera kupitiriza kokha. Kanga kanazima pomwepo, capacitor itangotha basi. Ndipo batire yomweyo ndikailumikiza ku ma LED mwachindunji imakhalitsa kutalitali kuposa ikadzera mu koyilo.

Anthu amakonda kutchula Nikola Tesla kuti iye anapeza magetsi aulere koma anamutsekereza. Munthu uja anali katswiri weniweni, koyiloyi anaipanga mu 1891, ndipo mu 1899 anakachita zoyesera zazikulu ku Colorado Springs ku America. Koma magetsi omwe ankagwiritsa ntchito kumeneko ankachokera ku kampani ya magetsi ya mumzindawo. Nsanja yake ya Wardenclyffe ku Long Island, yomwe mpondamatiki J. P. Morgan anaikapo ndalama, cholinga chinali kutumiza mauthenga ndi magetsi popanda mawaya, ndalama zinatha ntchito isanathe ndipo anaigwetsa mu 1917. Kutumiza magetsi ndi kwina, kuwapanga popanda gwero ndi kwinanso. Ngakhale akatswiri a ku yunivesite ya MIT ku America mu 2007, ndi zipangizo zawo zonse, anayatsa babu ya 60 watt pa mtunda wa mamita awiri ndi makoyilo a resonance, koma mphamvu yomwe inafika inali pafupifupi 40 peresenti yokha, yotsalayo inatayika panjira.

Chomwe chikundiwawa ndi choti pali anyamata aluso m'makwalalamu okonza mawailesi ndi mafoni, akuthera ndalama ya waya ndi maginito pa zinthu zoti sizingayatse nyumba, pomwe luso lomwelo likanapita ku sola kapena mphepo bwenzi pano akutchaja mafoni a mudzi wonse. William Kamkwamba ku Wimbe anagwiritsa ntchito dayinamo ya njinga ndi zotayidwa kupanga makina a mphepo otulutsa magetsi, zinatheka chifukwa mphepo ndiyo inkazunguza, gwero linalipo.

Za chitetezo ndisasiye. Kamoto kaja musakakhudze ndi chala, sikagwedeza ngati magetsi a pa soketi koma kamawotcha kabowo kakang'ono pakhungu kopweteka. Foni, laputopu ndi flash muike patali, wailesi yanga inayamba kukhokhoza kakangoyaka. Pafupi ndi petulo kapena gasi ayi ndithu, ndipo munthu yemwe ali ndi kachipangizo kothandiza mtima m'thupi asayandikire. Kamatulutsanso kafungo ka ozone ndiye tsegulani windo.

Kwa aphunzitsi a Physics, ana a sekondale ndi aliyense wofuna kumvetsa momwe tchaja cha foni chopanda waya chimagwirira ntchito, gulani, mupindula nako. Ngati mukufuna kuwala m'nyumba magetsi akazima, ndalamayo onjezerani mugule kapanelo ka sola ndi batire. Amene mugulebe, itanitsani transistor ina yapadera nthawi yomweyo ndi kamafuta koyera kopaka pakati pa transistor ndi kachitsulo kaja, komanso muzikazimitsa kakatentha, chifukwa transistor ndiyo imayamba kupsa.