Kandodo kamphira kopota kolimbitsira mkono wowawa pachigongono ndi malamba ake a lasitiki, nyenyezi 4 pa 5 nditagwiritsa ntchito miyezi 4

Ndachita kudikira dala miyezi 4 ndisanalembe ndemangayi, chifukwa ndikanalemba sabata ziwiri zoyambazo ndikanangokapatsa nyenyezi imodzi basi. Ine ndine telala, pamashini ndakhalapo zaka 16, ndiye chaka chathachi chigongono chakumanja chinayamba kundiwawa chakunja kwake, pakafupa kotuluka kaja. Poyamba kanali kaululu ka madzulo ndikaweruka, kenako zinafika poti kudula jinzi ndi sizasi ndimachita kuluma mlomo, simbi kuinyamula ngati mwala, tsiku lina kapu yamadzi inangondipulumuka m'manja kasitomala ali pompo. Ndinalira usiku umenewo, osati chifukwa cha ululu wokha ayi koma mantha, dzanja limeneli ndi lomwe limadyetsa ana anga.

Ndinamwa ibuprofen, kupaka mankhwala otentha aja, kumanga bandeji, mpaka ndinapuma sabata ziwiri osagwira sizasi. Ululu unkazilala ndithu koma nditangobwerera pantchito tsiku lachitatu wabweranso ngati sunachokepo.

Amene anandiuza za kandodoka ndi amayi ena a fiziyo, aja a kuchipatala othandiza odwala ndi masewera olimbitsa thupi. Anandiuza ndiwongole mkono chikhatho chiyang'ane pansi, ndikweze chala chapakati iwo akuchikankhira pansi. Ndinachita kudumpha pampando. Anati, "Mayi, iyi ndi tennis elbow." Ine nkuti tenisi yake iti, sindinaseweleko chibadwire. Anati ndi dzina chabe, ambiri omwe amadwala zimenezi sanagwirepo mpira wa tenisi, ndi akalipentala, okonza magalimoto, ophika, otaipa pakompyuta tsiku lonse, makamaka azaka zapakati pa 35 ndi 55. Kuchipatala amati lateral epicondylitis, ndipo mnofu womwe umavutika kwambiri dzina lake ndi extensor carpi radialis brevis, ndinachita kuwapempha andilembere papepala.

Apa mpomwe ndikufuna mumvetsetse anzanga chifukwa ine zinanditsegula m'maso. Mkonowu kuchokera pachigongono kufika padzanja uli ndi minofu mbali ziwiri, yamkati yomwe imafumbata zala ndi yakunja yomwe imatambasula zala nkukweza dzanja. Ukamafinya sizasi, yamkati ija ndi imene ikufinya, koma yakunja nayo sikupuma, ikugwira dzanja kuti lisagwere pansi. Ndiye zaka zonsezi yamkati inkangolimbiralimbira pomwe yakunja, yomwe ndi yaing'ono kale, inkangokokedwa tsiku ndi tsiku osapatsidwa mpata wolimba, mpaka mtsempha wake wolumikiza kufupa uja unayamba kutha ngati ulusi wokhuzika pa singano. Si kutupa kwenikweni akuti, ndi kutha kwa mtsempha, nchifukwa chake mapilisi ankangophimba. Ndipo kupuma kokha sikulimbitsa kanthu, mnofu wofooka ukapuma umadzuka uli wofookabe.

Sanathere pachigongono. Anandijambula ndi foni yanga chammbali nditaima momwe ndimaimira masiku onse, nditaona chithunzicho ndinadabwa, mapewa alowa kutsogolo, mutu watsogola, msana wakumtunda wachita kukhota. Minofu yapachifuwa inafupika chifukwa chowerama pamashini, yapakati pa mapewa kumbuyoku inagona tulo. Iwo anati phewa likaleka kugwira gawo lake katundu yense amatsikira kuchigongono ndi kudzanja. Anandiuzanso kuti nkhaniyi si yalero, dokotala wina wa ku Italy dzina lake Bernardino Ramazzini analemba kale mu 1700 zoti matelala ndi osoka nsapato amapindika msana chifukwa cha kakhalidwe kapantchito. Zaka zoposa 300 abale, ife tikuweramabe chimodzimodzi.

Tsopano katunduyo. Kandodoko nkamphira wolimba, kutalika pafupifupi masentimita 30, kali ndi mizere kuti kagwirike bwino. Kamabwera mmitundu, kachikasu nkofewa kwambiri, kenako kofiira, kobiriwira, kabuluu ndiye kolimbitsitsa. Ine ndinayamba ndi kofiira ndipo ndinatengera limodzi malamba atatu a lasitiki. Masewera ake amawatchula Tyler twist, kutengera dzina la Timothy Tyler wa fiziyo wa ku New York yemwe ndi anzake anatulutsa kafukufuku wake mu 2010. Umagwira kandodo choimika ndi dzanja lodwalalo utalipindira kumbuyo, dzanja labwino limagwira kumtunda nkupota ngati ukufinya thawulo, kenako umawongola mikono yonse kutsogolo kali kopotedwa chomwecho, ndiye dzanja lodwala lija limamasula pang'onopang'ono mwina masekondi 4. Chinsinsi chili pa kumasulako. Dzanja lodwala silipota ayi, ntchito yake nkubweza mofatsa, mnofu ukugwira ntchito uku ukutalika, ndi zimene zimalimbitsa mtsempha. Ka 15, kupuma pang'ono, mpaka maulendo atatu, tsiku lililonse.

Sabata ziwiri zoyamba zinali zowawa zedi, mkono wonse unkachita kulemera ndipo ndinatsala pang'ono kukaponya mudilowa nkuiwala. Nditabwerera kwa a fiziyo anandiyang'ana ndikupota, kani ndinkamasula mothamanga komanso ndinkapota ndi manja onse awiri. Anandipatsa lamulo losavuta, kaululu pang'ono pochita sivuto, koma ukadzuka mawa lake ululu uli woposa dzulo ndiye kuti wawonjeza, chepetsa. Ndinatsika kufika ka 10 kawiri, nkumakwera pang'onopang'ono. Sabata yachisanu ndi pomwe ndinazindikira kuti ndasita madiresi anayi osaima kuti ndisisite chigongono. Mwezi wachitatu ndinagula kobiriwira.

Malamba aja musawanyoze, ine ndikuona kuti theka la kuchira kwanga lachokera kumeneko. Lamba mmodzi ndimamugwira ndi manja awiri kutsogolo nkumatambasula mpaka afike pachifuwa, mapewa akukumana kumbuyo. Wina ndimamangirira pachitseko nkumakoka zigongono zikupita kumbuyo. Njira ina ndi yoika kathawulo kopinda mkhwapa, chigongono chili pambali, nkumatembenuzira dzanja kunja, imeneyi tsiku loyamba ndi lamba wofewetsetsa ndinalephera kufika 10 mkono ukunjenjemera, pomwe dzanja lomwelo limadula nsalu zisanu zosanjikiza. Ndi pomwe ndinavomereza kuti mphamvu ndinali nazo koma zinali mbali imodzi. Ndimamaliza ndi kuika mikono pafelemu yachitseko nkutsamira kutsogolo masekondi 30 kuti pachifuwa pamasuke, ndi kalasitiki kakang'ono kovala kuzala zonse zisanu nkumatambasula. Zonse pamodzi mphindi 15, ndimachita m'mawa ndisanatsegule mashini chifukwa madzulo ndimakhala nditatheratu.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pazifukwa izi. Kapepala kamkati kali ndi zithunzi zokhazokha zing'onozing'ono, sikanena kuti dzanja liti lipote liti limasule, munthu wopanda womuwonetsa alakwitsa ngati mmene ndinalakwitsira ine nkumati chinthucho nchabodza. Fungo lamphira linali lamphamvu masiku oyamba mpaka manja ankanunkha, ndinkachita kusamba kawiri ndisanagwire nsalu yoyera ya kasitomala. Manja akachita thukuta kamaterera, ndipo tiulusi tonse tamushopu timakakamira mmizere muja, pamafunika kukatsuka ndi sopo pafupipafupi. Lamba wofewa uja anaduka sabata yachisanu ndi chiwiri pomwe ankakhuzana ndi chitseko, mwamwayi sanandimenye kumaso, ndiye muzimuyang'ana ngati wayamba ming'alu musanakoke. Komanso amene thupi lanu limadana ndi mphira wotchedwa latex funsani kaye kuti apangidwa ndi chani, ena amatuluka nazo zidzolo.

China, kandodoka sika vuto lililonse la mkono. Mnzanga wina wotaipa anabwereka kanga chifukwa chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati zimachita dzanzi usiku, sikanamuthandize chifukwa lake ndi vuto la mtsempha wa ubongo wopanikizika padzanja, carpal tunnel. Dzanzi la kachala kakang'ono ndi koyandikana nako nalonso ndi mtsempha wina. Ngati pali dzanzi, kutupa, kapena zinthu zikungogwa m'manja popanda ululu, kaonaneni kaye ndi achipatala. Ndinafunsanso za jakisoni wa cortisone, wochepetsa kutupa ndi ululu, chifukwa ndinkafuna zachangu, a fiziyo anati amathandizadi sabata zochepa koma kafukufuku waonetsa kuti kwa ambiri ululu umabwereranso ndipo pakatha chaka sakhala bwino kuposa omwe sanabayidwe. Ndinamusiya.

Anandiuzanso mosabisa kuti tennis elbow kwa anthu ambiri imatha mkati mwa chaka kapena kupitirirapo ngakhale osachita zambiri. Koma ine chaka chodula nsalu ndikulira ndinalibe, ndipo chomwe chinayambitsa chikanakhala chilipobe. Ndiye pantchito ndasinthanso zina, sizasi ndimanoletsa isanabunthe chifukwa yobuntha imafuna kufinya kawiri, tebulo lodulira ndalikweza ndi matabwa kuti ndisamawerame, mpukutu wansalu ndimanyamula chikhatho chikuyang'ana kumwamba, ndipo pakatha mphindi 40 zilizonse ndimadzuka nkutambasula manja.

Sabata yathayi ndadula oda ya mayunifolomu 30 masiku awiri. Madzulo a tsiku lachiwiri pakafupa paja panali kakutentha pang'ono, m'mawa kutacha kanali katapita. Kofiira kaja ndamupatsa mtsikana amene ndikumuphunzitsa kusoka, ali ndi zaka 19 sakumva kuwawa kulikonse, koma timapota limodzi m'mawa tisanayatse simbi.