Ndemanga pa mapiritsi a amoxicillin osungunuka m'madzi

Mwana wanga wa zaka ziwiri atapezeka ndi chibayo, adokotala anamulembera mapiritsi a amoxicillin a mamiligiramu 250 amene amasungunuka m'madzi, ndipo ndawakonda kuposa mankhwala a m'botolo omwe ndinawazolowera kale. Piritsi limasungunuka msanga m'madzi ochepa oyera, silifuna furiji, komanso mulingo wake susokoneza chifukwa palibe kuyeza ndi kasupuni.

Amoxicillin ali m'gulu la penicillin, amene Alexander Fleming anamutulukira mu 1928. Mankhwalawa amalepheretsa mabakiteriya kumanga khungu lolimba lowateteza, motero akamachulukana amaphulika n'kufa, pamene maselo a munthu sakhudzidwa chifukwa alibe khungu lotero. Pachifukwa chomwechi sathandiza konse pa chimfine, chomwe chimayamba ndi mavairasi, ndipo zimandimvetsa chisoni kuona makolo akuwapereka kwa mwana aliyense wotsokomola. Patapita masiku awiri mwana wanga anasiya kupuma mothamanga, koma ndinapitiriza kumumwetsa mpaka masiku onse amene adokotala ananena atakwana.

Chovuta chimene ndinakumana nacho n'chakuti anatsegula m'mimba pang'ono, popeza mankhwalawa amaphanso mabakiteriya ena othandiza a m'matumbo. Sayenera kuperekedwa kwa mwana amene thupi lake linadanapo ndi penicillin, ndipo salowa m'malo mwa katemera wa chibayo, yemwe amaphunzitsa thupi kuzindikira kachilomboko matenda asanabwere.